Dzina ndi la Graham Norton, nanga m'botolomo muli ndani?

Pa lebulo ya vinyo ameneyu pali liwu limodzi limene limandikola maso nthawi zonse: Own. Dzina lonse ndi Graham Norton's Own Sauvignon Blanc, kutanthauza kuti wakewake wa Graham Norton, osati wobwereka. Koma mphesa zake zimalimidwa ku Marlborough, ku New Zealand, pamene mwini dzinayo moyo wake uli ku London ndi ku West Cork, ku Ireland, makilomita oposa 18,000 kuchoka kumundako. Mkuluyu sadulira mpesa, sakolola, sagona pafupi ndi thanki kumvetsera mmene vinyo akuwirira. Ndiye uwakewake umenewu ukuchokera pati?

Kwa ife okonda mabuku funso limeneli si lachilendo. Tikaona buku la woimba kapena la katswiri wa mpira lili pa shelefu, chithunzi chake chitadzadza chikuto chonse, timafunsa chamumtima kuti kodi walemba ndi iyeyu kapena anachita kumulembera. Ndiye lero mabuku apume kaye, ndikambe za botolo, koma ndilifunsa mafunso omwe aja ndimafunsa buku: mwini mawu ndani, akufuna kunena chiyani, ndipo wanena bwino kapena wangotitayitsa nthawi. Ndineneretu kuti vinyoyu ndamukonda. Ndamumwa kangapo mwezi uno, tili anthu angapo, musandiyang'ane choncho. Koma kukonda chinthu sikuletsa munthu kuchifunsa kumene chachokera.

Amene dzinali mukulimva koyamba, nkhope yake munaionapo ndithu m'timavidiyo ta pa YouTube kapena pa Facebook. Ndi bambo wa ndevu zaimvi uja amakhazika akatswiri a mafilimu ndi oimba pa sofa imodzi, aliyense tambula yake patsogolo, n'kumawaseketsa mpaka aiwale kuti anabwera kudzatsatsa filimu. Anabadwa mu 1963, anakulira ku Bandon m'dera la Cork, ndipo The Graham Norton Show yakhala ikuonetsedwa pa BBC kuyambira 2007. Dzina loti Norton si lobadwa nalo. Kwawo ndi Graham Walker. Atalowa za zisudzo anapeza kuti alipo kale wina wa dzina lomwelo, ndiye anatola la agogo ena akale a m'banja mwawo. Choncho dzina lili pabotololi ndi la kuntchito, la pa siteji. Mfundo imeneyi muisunge, tiifuna kutsogoloku.

Opanga vinyoyu ndi kampani ya Invivo, imene anaiyambitsa mu 2008 anyamata awiri odziwana kuyambira kusukulu, Tim Lightbourne ndi Rob Cameron. Rob ndiye dolo wa zopanga vinyo, Tim ndi wa malonda. Atadziwa kuti Norton amakonda Sauvignon Blanc wa kwawoko, anayamba kupereka mabotolo awo ku pulogalamu yake, ndipo mu 2014 panatuluka vinyo woyamba wa dzina lake. Chaka chimenecho anachita zoti anthu akambe: mphesa pang'ono zinakwera ndege kuchoka ku Marlborough mpaka ku London, mkuluyu anaziponda ndi mapazi, madzi ake n'kubwerera ku New Zealand kukalowa mu vinyo. Limenelo linali sewero basi, ine sindikuliwerengera. Timadzi ta mphesa zodzadza beseni limodzi sitingasinthe kukoma kwa thanki. Chimene ndikuwerengera ndi chimene chakhala chikuchitika zaka zotsatira. Tim ndi Rob amabwera ndi timabotolo ta vinyo wa m'mathanki osiyanasiyana, amakhala naye patebulo, iye amalawa n'kumanena kuti uyu achuluke, uyo achepe, winayo asalowe n'komwe. Alinso ndi masheya mu kampaniyo, ndiye botolo likagulidwa naye m'thumba mumalowa kanthu. Njirayi inawayendera moti mu 2019 anachitanso chimodzimodzi ndi Sarah Jessica Parker.

Tisanatsegule, tigwirizane kaye pa mawu oti unoaked, amene ku South Africa amakonda kulemba kuti unwooded. Tonse tikudziwa kuti madzi ogona mumtsuko wadothi amakoma mosiyana ndi ogona mu ndowa yachitsulo. Mtsuko umawapatsa kafungo kake ka dothi, kamene enafe timakasowa mpaka kukalota. Chitsulo chimangosunga, sichiyankhula. Vinyo ndi chimodzimodzi. Wina amamusunga m'migolo ya mtengo wa oak, umene Baibulo lakale lija limautcha thundu. Mgolo wodziwika kwambiri umalowa malita 225, ndipo poukonza amauwawula mkati ndi moto. Vinyo akakhala mmenemo miyezi ingapo amatengako fungo la vanila, la kokonati, la utsi, la buledi wootcha, ndipo kampweya kamene kamalowera m'matabwamo kamamufewetsa. Kawirikawiri opanga amalolanso tizilombo tina tosaoneka ndi maso kuti tisinthe asidi wakuthwa, wonga wa apulo wosapsa, akhale asidi wofatsa wa mtundu wa mu chambiko. Apa mpamene pamachokera Chardonnay uja amamveka ngati wathiridwa batala.

Wa Norton uyu sanagone mumgolo. Sauvignon Blanc wa ku Marlborough wa mtundu umenewu amamupanga posiya madzi a mphesa kuti awire ndi yisiti m'mathanki akuluakulu a chitsulo chosachita dzimbiri, mozizira ndithu, cha pa madigiri 12 mpaka 15, kuti fungo la zipatso lisathawe ndi kutentha. Akatha kuwira amasakaniza, amasefa, amathira m'mabotolo, basi. Palibe thabwa loti libise kalikonse. Amayi ophika amadziwa kuti nyama yogona ndi imene imafuna zokometsera zambiri, pamene nsomba yongovuulidwa kumene imangofuna mchere ndi moto. Vinyo wa mphesa zofooka ukhoza kumuveka jekete la vanila, anthu osazindikira msanga. Wopanda oak akakhala wamadzimadzi, mkamwa mumadziwa pompo.

Komatu tisapusitsidwe n'kumaganiza kuti ameneyu ndiye vinyo wachilengedwe, wosakhudzidwa ndi munthu. Kuziziritsa thanki ndi chisankho. Mtundu wa yisiti amachita kusankha. Ngakhale kukolola ndi makina, nthawi zambiri usiku kukuzizira, kumene alimi ambiri a ku Marlborough amachita, kumaonjezera fungo limene deralo limatchuka nalo, poti mphesa zimasweka n'kukhala kanthawi m'madzi ake omwe pamodzi ndi makungu. Zili ngati mlembi wa ziganizo zifupizifupi zopanda maluwa: amaoneka ngati wangoyankhula, chonsecho wachezera usiku wonse akufufuta. Ndipo pali mbali ya ndalama imene otsatsa satchula. Mgolo watsopano wa ku France umadula ma euro mazanamazana, ndipo vinyo amakhalamo miyezi osabweretsa kobiri. Thanki sichedwa. Mphesa zokololedwa mu Marichi kapena Epulo zimakhala zili pa shelefu chaka chomwecho chisanathe. Kwa kampani imene yagwira dzina la selebu ndipo ikufuna kuligulitsa likadali lamoto, vinyo wosagona mumgolo ndi bizinesi yanzeru.

Tiyeni titsegule. Chitsekero ndi chopotokola ngati cha botolo la Sobo, palibe zosakasaka chotsegulira. Opanga vinyo a ku New Zealand anayamba kusiya zitsekero zakhungwa zija kuyambira 2001, atatopa ndi mabotolo oonongeka chifukwa cha zitsekero zoipa, ndiye musaganize kuti chopotokola ndi chizindikiro cha vinyo wotchipa. Mu galasi ndi wotuwa kwambiri, ngati udzu umene wayamba kuuma koma kaubiriwiri sikanathe. Suchita kulowetsa mphuno kuti umve. Fungo limakupeza lokha, galasi lili patebulo.

Choyamba kufika ndi magalagadeya. Sindikunena juwisi wa m'sitolo ayi, ndikunena chipatso chenichenicho chitakwinyika khungu, nthawi imene wangochidula pakati n'kuchiyandikiza kumphuno. Pambuyo pake pamabwera gwafa wakupsa, uja umamudziwa kuti ali m'chikwama cha mnzako ngakhale mwiniwake akukana. Ukagwedeza galasi n'kudikira pang'ono, pansi pa zipatsozo pamatuluka kanthu kobiriwira: fungo limene limatsala m'manja ukamamangirira tomato kudimba, ndi la kapinga wongotchetchedwa mame asanaume. Kameneka ndi kamene kanandisangalatsa koposa, chifukwa popanda iko vinyoyu akanangonunkhira ngati switi. Kamamugwira dzanja kuti asapitirire.

Mkamwa nkhani imasintha. Mphuno inalonjeza kutsekemera, koma lilime limapeza ndimu. Shuga wa mphesazo pafupifupi yense anadyedwa ndi yisiti, ndiye chimene chimakulandira ndi kuwawasa koyera, kothamanga, kumene kumadutsa m'mbali mwa lilime n'kukafinya kuseri kwa nsagwada mpaka malovu kutuluka, ngati ukamaona mnzako akudya mango aawisi ndi mchere. Sikufika poyayamitsa mano ngati bwemba. Pakatikati magalagadeya aja amabwereranso, tsopano atafatsa, ndipo ukameza pamatsala kuwawa pang'ono, kwapatali, konga kwa khungu la manyumwa, ndi kamchere. Ndi wopepuka, salemera palilime ngati thobwa kapena mkaka. Mkamwa mumatsala ngati mwatsukidwa, ndipo dzanja limabwerera lokha ku galasi. Msampha wake uli pomwepa. Mphamvu yake ili cha pa 12 kapena 13 pa 100 alionse, kuposa kuwirikiza kawiri mowa wa m'mabotolo umene tinazolowera, koma iye amalowa ngati madzi a mandimu masana a mu Okutobala.

Amene munazolowera vinyo wotsekemera wa m'makatoni uja timamwa pa zinkhoswe, kumwa koyamba mukwinya nkhope. Musathiremo Sprite, chonde. Dikirani kumwa kwachitatu, lilime likhazikike, kenako muweruze.

Ena mwayamba kale kuseka kuti awanso ayamba zachizungu, mphesa zinganunkhire bwanji magalagadeya. Si ndakatulo ayi, ndi sayansi. Mu Sauvignon Blanc muli timankhwala totchedwa ma thiol, ndipo kamodzi mwa ito kamapezekanso mu chipatso cha magalagadeya chenichenicho. Mu mphesa yongothyola timakhala titamangika, sitimveka kwenikweni. Yisiti ndi amene amatimasula pamene akudya shuga. Fungo la masamba a tomato lija limachokera ku gulu lina, ma methoxypyrazine, amene alinso mu tsabola wobiriwira wosawawa uja, ndipo mphuno ya munthu imawagwira ngakhale atachepa kwambiri. Kamodzi ka ma thiol kakachulukitsa, vinyo amanunkha mkodzo wa mphaka, ndipo akatswiri amalemba zimenezi nkhope ili gwa, osaseka. Mu botolo langa mphaka sanafikemo.

Chimene chimachulukitsa timankhwala timeneti ku Marlborough ndi malo. Derali lili kumpoto chakum'mawa kwa chilumba chakumwera cha New Zealand, kuzungulira tauni ya Blenheim. Masana dzuwa limawala maola ambiri, usiku kumazizira, ndiye mphesa zimapsa pang'onopang'ono osataya asidi. Nthaka yambiri ndi ya miyala imene mitsinje inasiya kalekale, yosasunga madzi. Mbiri yake ndi yaifupi modabwitsa. Kampani ya Montana inabzala mipesa kumeneko mu 1973, Sauvignon Blanc wake woyamba anatuluka mu 1979, ndipo Cloudy Bay, amene anatchukitsa deralo ku London ndi kwina, ndi wa 1985. Alipo azakhali athu amene ndi aakulu kuposa Sauvignon Blanc wa ku Marlborough. Lero deralo limatulutsa pafupifupi magawo atatu mwa anayi a vinyo yense wa New Zealand. Muli zigwa ziwiri zikuluzikulu: Wairau, chofundirapo, chimene mphesa zake zimapendekera ku zipatso zakupsa, ndi Awatere, chozizira ndi champhepo, kumene kumachokera masamba a tomato aja ndi kuwawasa kwakuthwa.

Ndipatuke pang'ono. Mukawerenga zimene olemba a ku Britain amalemba za vinyo wotere, liwu limene silisowa ndi gooseberry. Chimenechi ndi chipatso chowawasa cha m'minda ya ku Ulaya, ndipo si jamu wathu uja wa m'kathumba kouma, ngakhale pachingerezi mayina awo amafanana. Ndamvapo anzathu ena, oti chipatsocho sanachilumepo, akugwedeza galasi n'kunena kuti akumva gooseberry. Zimandimvetsa chisoni kuposa kundiseketsa. Munthu wakula ndi masuku, masawu, malambe, bwemba, matowo ndi mango amitundumitundu, lilime lake ndi laibulale yathunthu, koma akafika pa vinyo amasiya zonsezo pakhomo n'kukabwereka chipatso cha eni. Mawu olawira vinyo si mayeso a yankho limodzi. Ndi njira yongokumbukira chimene wamva ndi kuuzako mnzako. Ine ndikati gwafa wa m'chikwama, inu mwamva kale fungolo muli pa foni pomwepo, sichoncho?

Tibwerere ku funso lija. Zigwa ziwiri zija ndi zimene zimapatsa Norton ntchito yeniyeni. Patebulo pamakhala vinyo wa minda yosiyana, wina wa zipatso zambiri koma wofooka msana, wina wakuthwa ngati lumo koma wopanda chisomo. Palibe amene ali wokwanira payekha. Pafunika munthu woti anene kuti mulingo ndi uwu, ndipo mulingo ukasuntha pang'ono vinyo amasanduka wina. Imeneyi ndi ntchito ya mkonzi, ndipo aliyense amene nkhani yake inadutsapo m'manja mwa mkonzi wabwino amadziwa kuti kudula ndi luso. Norton ndiye kudula ndi chakudya chake. Kumapeto kwa pulogalamu yake kumakhala mpando wofiira. Munthu wamba amakhalapo n'kuyamba kufotokoza nkhani yake, mkuluyu dzanja lili pa chitsulo. Nkhani ikangoyamba kuzizira amakoka, mpando n'kugwa chagada, munthu miyendo m'mwamba. Zaka zonsezi wakhala akuyeza, pa masekondi ochepa, nthawi imene anthu ayambe kutopa. Khutu limenelo ndi limene ndikulipeza mu galasimu.

Ndikayerekeza ndi ma Sauvignon Blanc ena a ku Marlborough a mtengo wofanana amene ndalawapo, uyu wapendekera ku zipatso, ubiriwiri wauchepetsa, ndipo m'mbali mwake ndi mosalala. Ena a kumeneko amakukalipira, amafuna uwalemekeze. Uyu amakulandira pakhomo, amakulanda jekete, amakuseketsa usanakhale pansi. Sakufuna kuti uganize kwambiri za iye, akufuna kuti uyambe kucheza ndi amene wakhala naye. Pamenepa liwu lija loti Own ndikulivomera. Rob Cameron ndi anzake ndi amene alemba ziganizo, koma amene wasankha kuti zitsale ndi ziti ndi wolandira alendo wa Lachisanu usiku uja, ndipo kusankha kwake kukumveka.

Koma ndi Graham uti? Mkulu yemweyu amalembanso mabuku a nthano, ndipo loyamba, Holding, linatuluka mu 2016. Amene analitsegula akuyembekeza nthabwala za pa sofa anapezamo zina: kamudzi kachete ka ku West Cork, wapolisi wonenepa wosungulumwa, mafupa a munthu ofukulidwa pamalo omangapo nyumba, ndi amayi awiri amene moyo wawo unaima tsiku limene mwamuna wina anasowa. Mmodzi mwa amayiwo chakumwa chikumudya pang'onopang'ono, ndipo mlembi samuseka, samuweruzanso. Ngakhale pachikuto palembedwa Norton, kwa ine buku limenelo ndi la mnyamata wa ku Bandon uja, Walker, amene anakula akuonerera anthu a m'tauni yaing'ono. Muli mithunzi. Mu botolomu mulibe mthunzi ngakhale umodzi, muli Norton wa magetsi a pa siteji yekha. Sindikunena izi ngati mlandu. Ndikungodabwa kuti munthu mmodzi akhoza kulemba mwachifundo chotero za mayi amene galasi lamugonjetsa, n'kukhalanso wogulitsa galasilo akumwetulira. Zonse ziwiri ndi zake.

Malire a vinyoyu amaonekera pa galasi lachiwiri. Chimene wakuuza pa kumwa koyamba ndi chimene akuuzenso mpaka botolo lithe: magalagadeya, ndimu, tomato, bwerezani. Akamafunda mu galasi sasintha nkhani, amangofooka. Sancerre wa ku France, wa mphesa za mtundu womwewu, amayamba mwamanyazi, koma ukakhala naye ola limodzi amakuuza zinthu zimene sananene poyamba. Chenin Blanc wabwino wa ku Swartland naye amatero. Wa Norton alibe chinsinsi choti ukachipeze mawa. Ndiponso kapangidwe kake si katsopano. Ndi njira imene Marlborough anaipeza m'zaka za m'ma 1980 ndipo makampani ambirimbiri akuitsata mpaka lero. Mutandimanga kumaso n'kundiikira magalasi asanu a kumeneko, ndinganene kuti uyu ndi wofatsa, uyo ndi waukali, koma onse ndi ana a nyumba imodzi. Ntchito yaikulu ya dzina la selebu ili pomwepa. Pa shelefu ya mabotolo ambirimbiri ofanana, limakupatsa nkhope yoti uigwire, ndipo opanga lebulo anaona kuti pakati pa liwu loti Sauvignon pali zilembo G ndi N, n'kuzikulitsa kuti usaphonye. Munthu amene amaopa kutchula mayina achifalansa pamaso pa wogulitsa amatola amene akumudziwa. Zimenezi sindikuzinyoza. Manyazi atsekera anthu ambiri kunja kwa vinyo, monga atsekera ambiri kunja kwa ndakatulo.

Chimene chimandivuta ndi china. Nkhope imodzi ikakula pa lebulo, manja ambiri amachepa. Kukolola ndi kwa makina, inde, koma kudulira mipesa ndi kuimangirira ku mawaya ndi ntchito ya manja, ndipo imagwiridwa m'nyengo yozizira, Juni mpaka Ogasiti, m'mawa udzu utayera mbee ndi chisanu. Ambiri oigwira ndi anthu ochokera ku Vanuatu, Samoa ndi Tonga, amene amabwera kwa miyezi ingapo pa ndondomeko ya boma yotchedwa Recognised Seasonal Employer, imene inayamba mu 2007. Kwa mabanja ambiri ndalama zimenezi zamanga nyumba ndi kulipira sukulu. Koma mu 2022 bungwe loona za ufulu wa anthu ku New Zealand linadandaula poyera za malo ogona opanikizana ndi ndalama zimene ena amadulidwa pa malipiro awo, ndipo zina mwa zimene linaona zinali ku Blenheim komweko. Dandaulolo linali la ndondomeko yonse, silinaloze botolo ili kapena kampani yake. Ndikulitchula chifukwa liwu loti Own ndi lalifupi kwambiri poyerekeza ndi mzere wa anthu amene aima kumbuyo kwake. Amene muli ndi achibale m'mafamu a ku Western Cape simukufuna kuti ndifotokoze zambiri.

Za mtengo, si wa mabwana komanso si wa pansi pa shelefu, ali pakatikati, ndipo pa malo amenewo ndalama yanu sikupita pachabe. Amene muli ku Ireland ndi ku Britain mumupeza m'masitolo akuluakulu ogulitsa zakudya. Amene muli kumudzi kapena ku Johannesburg musavutike kuitanitsa kunja. Sauvignon Blanc wa ku Durbanville kapena ku Elgin wa chaka chino kapena chatha akuuzani nkhani yofanana, kungoti mawu ake ndi otsikirapo.

Pa zakudya ndiye sanandivutitse. Ndi nsomba yokazinga yofinyirapo ndimu anagwirizana ngati anakulira limodzi. Mafuta a nsomba amawatsuka, kuluma kulikonse n'kukhala ngati koyamba. Chinandikomera kwambiri ndi masamba otendera. Nsinjiro zimalemera mkamwa, iye amabwera n'kupepuza, ndipo kaubiriwiri kake kamapeza mnzake m'masambamo. Ndi nkhuku ya kambuzi wambiri zinakanika, tsabola anakolezera mowa, mkamwa munangoyaka. Nyama yang'ombe yootcha imamupondereza, musamuvutitse nayo.

Kuzizira kwake kukhale cha pa madigiri 8 mpaka 10. Akangotuluka mu furiji amakhala wozizira mopitirira ndipo fungo limakhala lotsekeka, ndiye mupatseni mphindi khumi patebulo. Wotsala mutseke bwino abwerere mu furiji. Tsiku lachiwiri akadali bhobho, lachitatu magalagadeya athawa, kwatsala ndimu yekha. Ndipo pogula, zilembo zikuluzikulu zija zikakukopani, tsitsani maso muone chaka. Ma thiol aja sakhalitsa, makamaka botolo likakhala pamalo otentha, ndipo vinyo wotere amapangidwa kuti amwedwe m'chaka chimodzi kapena ziwiri. Botolo lina limene mnzanga anabwera nalo linali litakhala mu kabati yake zaka zitatu akudikira tsiku lapadera. Gwafa anali atapita kalekale, m'malo mwake mukumveka kafungo ka zitheba za m'chitini. Tinalimwabe, poti nsomba inali itapsa kale.